Zojambula zandithera pa tsiku la 47: yankho kwa achemwali a ku Mangochi

Funso lafika kuchokera kwa achemwali ena a pa boma la Mangochi, amene amagwira ntchito m'kashopu kotumizira ndi kulandirira ndalama pa foni pafupi ndi msika. Mwachidule akuti: "Ndinadzilonjeza kuti ndizijambula chithunzi chimodzi tsiku lililonse kwa chaka chathunthu. Lero ndi tsiku la 47 ndipo zojambula zandithera. Mlatho ndajambula, mabwato ndajambula, dzuwa likulowa ndiye kosawerengeka. Ndimakhala m'shopu kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo foni yanga ndi yotchipa. Kodi ndisunge ndalama ndigule kamera, kapena pali zina zimene ndingayese?"

Achemwali, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Ndikuyankhula ngati munthu amene ndadyera kamera zaka zambiri, kuyambira nthawi ya filimu, pamene tinkapita ku ukwati ndi filimu ya zithunzi 36 n'kudikira masiku kuti tione ngati zatuluka bwino. Kamera yatsopano imasangalatsa masabata awiri kapena atatu. Mudzapita nayo pa mlatho womwe uja, kwa mabwato omwe aja, ndipo pakadzatha masiku ena 47 mudzandilemberanso kalata ngati yomweyi, thumba litapepuka.

Zimene zakutherani ndi zija amajambula mlendo aliyense akatsika basi. Mlendo amabwera Lachisanu, Lamlungu wabwerera ku Blantyre, ndiye amathamangira zooneka msanga: mlatho wa Bakili Muluzi, bwato pa gombe, dzuwa lofiira pa madzi. Inu mwajambula Mangochi ngati mlendo kwa masiku 47, ndipo n'zosadabwitsa kuti zatha, chifukwa zinthu zotere n'zowerengeka. Koma inu muli ndi chinthu chimene mlendoyo sangagule ndi ndalama zake, chomwe ndi kukhalapo. Mudzakhalapo mawa, mudzakhalapo mwezi wa mwera, mudzakhalapo tsiku limene mvula yoyamba idzagwe pa fumbi la pamsika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yathuyi mawu amenewa ndi oona kwenikweni. Ku New York kunali mkulu wina, Jamie Livingston, amene anajambula chithunzi chimodzi patsiku kuyambira mu 1979 mpaka tsiku limene anamwalira mu 1997. Zambiri mwa zithunzi zakezo n'za wamba: anzake, tebulo, msewu, chipinda cha m'chipatala kumapetoko. Mukatenga chimodzi pachokha simungachiyang'ane kawiri. Mukaziona zonse motsatana mtima umagwidwa, chifukwa mukuona moyo wa munthu ukuyenda.

Tsono tiyambire m'shopu mwanumo, mmene mukuona ngati ndi ndende. Sankhani malo amodzi oimapo, ikani chizindikiro pansi ndi choko kapena penti, ndipo sankhani ola limodzi, tinene 9 koloko. Pa foni yatsani timizere tija timagawa sikirini m'zigawo 9, kuti mtengo wa magetsi kapena ngodya ya denga la shopu yoyang'anizana nanu izigwera pa mzere womwewo tsiku lililonse. Jambulani zimene zili patsogolo panu kwa masiku 14 osasuntha. Masiku atatu oyamba mudzaona ngati mukutaya nthawi. Pofika tsiku la 10 mudzayamba kudziwa kuti wakabaza wa njinga ya mpando wofiira amadutsa nthawi yanji, kuti Lachisanu msewu umasintha maonekedwe anthu akavala mikanjo ndi zisoti kupita ku mzikiti, kuti kumapeto kwa mwezi mzere wa pa shopu yanu umatalika. Mukafika podziwa chimene chichitike chisanachitike, mwayamba kukhala wojambula, chifukwa chala chanu chimakhala chikudikira kale.

Sindikunena kuti chaka chonse mukhale pa choko chimenecho. Ndikunena kuti kudziikira malire kumabala zithunzi kuposa kuyendayenda. Sabata ina muziti ndijambula manja okhaokha. M'shopu mwanu manja amabwera okha: a msodzi othetheka ndi zingwe za khoka, a agogo akumasula ndalama pa mfundo ya chitenje, a mtsikana opaka utoto m'zikhadabo akugwira foni yosweka galasi. Sabata ina mapazi ndi nsapato za anthu oima pa mzere. Ina mtundu umodzi, wachikasu kaya wobiriwira, paliponse pamene waonekera. Ina zinthu zimene anthu asenza pamutu kapena amanga pa keliyala ya njinga. Ubwino wina wa manja ndi mapazi ndi wakuti nkhope siioneka, ngakhale kupempha kumafunikabe, ndipo musalole nambala ya foni ya kasitomala kapena buku lanu la ndalama zilowe m'chithunzi.

Tsopano nkhani ya kuwala, imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri sayang'ana. Foni sijambula bwato, imajambula kuwala kumene kwagwera pa bwatolo. Bwato lomwelo m'bandakucha, masana ndi chisisira ndi zithunzi zitatu zosiyana. Mangochi ali pa madigiri pafupifupi 14 ndi theka kummwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo izi zili ndi zotsatira zimene mungazione ndi maso. M'mwezi wa Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5, ndipo masana limapendekera kumpoto, kotero zithunzithunzi za mitengo ndi anthu zimagwera kummwera. Mu Disembala limatuluka itangopitirira 5 koloko n'kulowa cha m'ma 6, ndipo limadutsa pang'ono chakummwera. Pakati pa nyengo ziwirizi pali masiku amene dzuwa limaima paliwombo penipeni. Kwanuko zimachitika kawiri pachaka, cha pa 1 Novembala ndi cha pa 10 Febuluwale. Pa masiku amenewo, masana, botolo loimika pansi limasowa chithunzithunzi, munthu amaponda chake chonse. Musadikire 12 koloko, chifukwa Mangochi ali chakum'mawa ndipo dzuwa limafika pakati msanga: mu Novembala khalani okonzeka cha m'ma 11:20, mu Febuluwale cha m'ma 11:50.

Nachi choyesa chimene chingakutengereni chaka chonse osatopa. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi ya njerwa ija, yokumbukira Mfumukazi Victoria, imene inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Muziijambula kamodzi pamwezi, tsiku lopuma, ola lomwelo, mutaima pamalo omwewo. Zithunzi 12 zikadzakwana mudzaona chithunzithunzi chake chikuzungulira, chikufupika, chikutalikanso. Ngati nsanjayo ili kutali ndi shopu, mtengo wa mgwalangwa kapena mlongoti uliwonse ugwira ntchito yomweyo. Muli pamenepo musangodutsa. Pali mfuti ya m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa nyanja yathu yomweyi, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya pa 30 Julaye 1946. Anthu amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku osatembenuka. Yandikirani mujambule dzimbiri, zilembo zofufutika, mwana wasukulu atatsamira. Chithunzi cha nsanja yonse chili kale ndi aliyense.

Nyengo nazonso zimasintha mtundu wa kuwala. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba, nyanja imachita mafunde, madzi amada, asodzi amakhala pamtunda n'kumasoka maukonde. Ino ndi nthawi ya zithunzi za anthu ndi ntchito za manja. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimadzaza mlengalenga, mapiri a kutsidya amasowa, dzuwa limakhala ngati mbale yofiira likadali pamwamba ndithu. Ambiri amadandaula kuti zithunzi zikutuluka zotuwa, koma ine ndimaikonda nyengo imeneyi, chifukwa chilichonse chapafupi, kaya ndi mlambe kaya bwato, chimaima chokha popanda zosokoneza kumbuyo. Mvula ikangogwa kawiri katatu mpweya umayera, mapiri a njira ya ku Namwera amabwerera pafupi ngati mungawakhudze, ndipo matope a pamsewu amasanduka magalasi. Gwadani pafupi ndi chithaphwi, tembenuzani foni kuti kamera ikhale pansi pafupi ndi madzi, mudzaona msika wonse uli chadodolido m'madzimo.

Kumbukiraninso mbali imene mwaima. Mukakhala ku Makawa kapena ku Nkopola, dzuwa limatulukira pa nyanja. Mukawoloka mlatho n'kupita ku Malindi, limalowera pa nyanja. Ku Chembe, ku Cape Maclear, madzulo ndiye nthawi yake. Koma popeza za dzuwa likulowa muli nazo zambiri, ulendo wina mukakhala pa gombe nthawi imeneyo lipatseni msana. Yang'anani zimene likuwalira: nkhope za amayi otsuka mbale, usipa ukunyezimira pa thandala, utoto wa mabwato. Kuwala kwa mphindi zimenezo n'kofewa ndi kofunda, ndipo kumakonda khungu lathu. Sikukhalitsa, chifukwa kuno mdima umagwa msanga. Dzuwa likalowa muli ndi mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono basi.

Koma inu maola ambiri a tsiku amakupezani muli pa ntchito, ndipo masana a ku Mangochi dzuwa limaswa mtengo. Kuwala kochokera pamwamba kumaika mdima m'maso mwa munthu ndi pansi pa mphuno, mchenga ndi malata zimayera mbee, ndipo foni ikaona kuyera konseko imachepetsa kuwala mpaka nkhope imasanduka chikuni. Mankhwala ake ali pa khomo la shopu yanu. Muimikeni munthu mumthunzi, sitepe imodzi m'kati mwa khomo kapena pakhonde, nkhope itayang'ana kunja. Inu muime panja, msana uli ku msewu. Kuwala konjanja kuchokera pansi kumalowa mofatsa n'kuyatsa maso ake, kumbuyo kwake kuli mdima wa m'shopu. Khudzani nkhope yake pa sikirini kuti foni iyeze kuwala pamenepo, ndipo pa kadzuwa kamene kamaoneka pambali kwezani kapena tsitsani ndi chala mpaka khungu lioneke mmene likuonekera ndi maso anu. Ngati mbali imodzi ya nkhope yada, wina agwire pepala loyera la katoni kapena chivundikiro cha poto chowala kumbali imeneyo. Seydou Keïta wa ku Bamako, ku Mali, amene zithunzi zake za m'zaka za m'ma 1950 zimalemekezedwa padziko lonse, ankajambula anthu ambiri pabwalo la nyumba yake ndi kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu yamaluwa kumbuyo. Chitenje muli nacho, khoma muli nalo.

Pali tinthu tiwiri tating'ono timene timaononga zithunzi za mafoni otchipa kuposa kutchipako. Koyamba ndi galasi la kamera lodetsedwa. Foni imakhala m'manja a thukuta, m'thumba, pafupi ndi mafuta odzola, ndipo chifunga chimene mumaona pa zithunzi zanu nthawi zambiri ndi mafuta a chala. Pukutani ndi nsalu yofewa musanajambule, koma yambani mwauzira, chifukwa kamchenga kamodzi ka kunyanja kangathe kukanda galasilo. Kachiwiri ndi kukoka chithunzi ndi zala ziwiri kuti chiyandikire. Pa mafoni ambiri kukoka kumeneko kumangodula chithunzi n'kuchifutukula, ndiye chimatuluka chophwanyika. Yendani ndi miyendo. Nkhwazi ili pamwamba pa mtengo isiyeni ikhale kadontho m'chithunzi chachikulu cha thambo, kapena ingoiyang'anani ndi maso.

Mwafunsa zoyesa, ndiye nazi zimene ine ndinayesapo ndipo zimatheka ndi foni. Yambani ndi akabaza, popeza Mangochi ndi kwawo kwa njinga. Ngati kamera ya foni yanu ili ndi Pro mode, imene imakulolani kutchera kamerayo nokha, ikani shutter (nthawi imene kamera imalandira kuwala) pa 1/30 ya sekondi, ndipo ISO (mphamvu ya kamera yokuza kuwala) ikhale yotsikitsitsa. Wakabaza akamadutsa mutsatireni ndi foni, thupi lanu likutembenukira m'chiuno, dinani mukadatembenukabe ndipo musaime mutadina. Zikayenda bwino iye ndi wokwera wake amaoneka bwinobwino pamene mashopu akumbuyo asanduka mizere yothamanga. Chenjezo ndi lakuti masana 1/30 imalowetsa kuwala kochuluka ndipo chithunzi chimayera chonse, chifukwa kabowo ka kamera ya foni sikachepetsedwa. Yesani mukangotseka shopu, kapena phimbani kamera ndi magalasi akuda a dzuwa. Pa zithunzi 30 mwina zabwino zikhala ziwiri. Ndi mmene zimakhalira kwa aliyense.

Magalasi a dzuwa omwewo, akakhala a mtundu wa polarised, amachotsa kunyezimira pamwamba pa madzi. Agwireni patsogolo pa kamera n'kumawazunguza pang'onopang'ono, mudzaona madzi akutseguka, miyala ya pansi ikuoneka, ndipo pa miyala ya ku Cape Maclear ngakhale mbuna zamitundumitundu zija zimaoneka. Kadontho kamodzi ka madzi oyera, kakang'ono ngati njere ya mapira, mukakaika pa galasi la kamera ndi kamtengo ka machesi, kamasanduka galasi lokuza. Yandikizani foni pafupi kwambiri ndi mamba a chambo, ulusi wa chitenje kapena diso la usipa wouma. M'mbali mumakhala chimbuuzi koma pakati pamaoneka zinthu zimene maso sanazionepo. Samalani madzi asalowe m'timabowo ta foni.

Chimene ndimachikonda kuposa zonse, ndipo ndikupemphani muchiyese Lamlungu lina, ndi kusandutsa chipinda kukhala kamera. Mwina munaonapo kale chiyambi chake osazindikira. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, dzuwa likalowa pa timabowo ta misomali, pansi pamagwa timadontho ta kuwala. Tayang'anitsitsani: bowo lingakhale lopindika kapena long'ambika, koma kadontho kamakhala kozungulira. Chifukwa chake n'chakuti kadonthoko ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. Tsono sankhani chipinda cha zenera limodzi loyang'ana kumene kuli kowala, kumsewu kapena pabwalo. Tsekani zeneralo ndi makatoni kapena pulasitiki yakuda, tsekaninso mipata ya pachitseko ndi nsanza, mpaka mukhale mdima wa ndiweyani. Boolani pa katoni bowo limodzi laukhondo, lalikulu ngati batani la malaya. Pachikani nsalu yoyera moyang'anizana ndi bowolo, khalani pansi, dikirani mphindi 5 kapena 10 kuti maso azolowere.

Nditachita izi koyamba m'nyumba ya achibale, ndinali ndi ana atatu m'chipindamo. Poyamba panalibe kanthu, ana anayamba kunyong'onyeka. Kenako pa nsalu paja panayamba kuoneka mtengo wa mango, mizu kumwamba masamba pansi, wobiriwira ndithu, masamba akugwedera. Mayi wina anadutsa panja ndi ndowa pamutu, ndipo tinamuona akuyenda pa nsalupo miyendo ili m'mwamba. Kamwana kakang'ono kanandigwira mkono mwamphamvu osayankhula. Palibe ufiti pamenepa. Kuwala kumayenda mowongoka, ndiye kochokera pamwamba pa mtengo kukadutsa pa bowo kumakagwera pansi pa nsalu, kochokera pansi kumakagwera pamwamba. Katswiri wina wachisilamu, Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965 amene anagwira ntchito ku Cairo, anafotokoza zimenezi zaka pafupifupi 1000 zapitazo. Foni ili m'manja mwanuyo ndi kachipinda komweko kochepetsedwa. Bowo likachepa chithunzi chimaoneka bwino koma chimada, likakula chimawala koma chimachita chimbuuzi, ndiye yesani mabowo awiri atatu. Kuti muchijambule, tsamiritsani foni pa mpando, ikani Night mode, yojambulira mumdima, kapena shutter ya masekondi angapo, ndipo gwiritsani ntchito timer, yoti foni ijambule yokha pakapita masekondi, kuti chala chisagwedeze.

Luso lomweli la kukhazika foni ndi limene mufunika usiku. Simufunika kugula choimikira kamera cha miyendo itatu. Thumba laling'ono la mchenga kapena la mpunga limagwira foni bwino kwambiri. Magetsi akazima musadandaule, tulutsani tochi: foni ikhale pa masekondi 8 kapena 10, mwana azunguze tochi m'mwamba moyang'ana kamera, mudzapeza mizere ya moto italembedwa mumdima. Makala a pa mbaula ndi nkhope ya amene akuphika, kandulo pa tebulo la wogulitsa chiwaya, zonsezi ndi zithunzi. Ndipo usiku wopanda mwezi, asodzi a usipa akalowa ndi nyali zawo, nyanja imakhala ngati tauni yoyandama. Ikani ISO pa 400 kapena 800, masekondi 10, muone chimene chituluke. Mwezi wathunthu foni imauonetsa ngati kadontho koyera, pokhapokha muujambule ukungotuluka kumwamba kusanade. Tsiku labwino ndi lija lotsala limodzi kuti ukhale wathunthu, chifukwa mwezi umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Koma achemwali, m'mbali mwa Shire ndi m'mabango usiku ndi mwa ng'ona ndi mvuu. Musapite nokha, musayandikire madzi, ndipo funsani eni dooko kumene kuli kotetezeka.

Pali nkhani imene sindingaidumphe, chifukwa inandiphunzitsa ndi manyazi. Ndili mnyamata ndinajambula mayi wina pa gombe akuchapa, mwana ali kumsana, kuwala kuli bwino kwambiri. Sindinapemphe. Atamva kulira kwa kamera anatembenuka, sanakalipe, anangondifunsa kuti, "Bambo, chimenecho mukapita nacho kuti?" Ndinalibe yankho. Mpaka lero funso limenelo ndimalimva ndikakweza kamera. Gombe kwa mlendo ndi malo okongola, koma kwa eni ake ndi bafa, ndi khitchini, ndi pochapira. Kumene anthu akusamba foni ikhale m'thumba. Ana musawajambule popanda kholo, ndipo ngakhale kholo lalola ganizirani kawiri musanaike pa Facebook. Pa maliro, ku mzikiti kapena kutchalitchi nthawi ya mapemphero, ndi chilichonse chokhudza ku ndagala, yambani mwafunsa akuluakulu, ndipo akakana mwamva. Pa rodibuloko ya apolisi ndi pafupi ndi malo a asilikali ku Monkey Bay musayese n'komwe.

Ambiri amaopa kuti akapempha munthu amauma ngati chithunzi cha pa chiphaso. Zimachitikadi, koma mphindi zochepa chabe. Perekani moni, chezani, jambulani chouma chija, muonetseni, asekerere. Kenako khalanibe pomwepo. Iye abwerera ku ntchito yake, aiwala za inu, ndipo chithunzi chenicheni chimabwera pamenepo, chilolezo muli nacho kale. Inu muli ndi mwayi woti anthu a pamsika amakudziwani. Tsiku lina tsukitsani zithunzi zingapo pa studio n'kukawapatsa eni ake. Ndaona anthu akulandira chithunzi cha papepala ndi manja awiri, n'kukachisunga m'Baibulo kapena m'chikwama cha zikalata, ndipo kuyambira tsiku limenelo amakuitanani okha kukakhala chinkhoswe kapena bwato latsopano likamalowa m'madzi.

Za kusunga ndinene mwachidule koma mumve. Ine ndinataya zithunzi za miyezi yambiri memori khadi itafa mwadzidzidzi, ndipo zina zinali za anthu amene pano kulibe. Madzulo aliwonse sankhani chimodzi, chimodzi chokha, muchiike mu foda yakeyake. Kusankhako ndi theka la maphunziro, chifukwa kumakukakamizani kunena chifukwa chimene ichi chaposera icho. Lembani m'kope tsiku, ola, malo ndi mzere umodzi wa zimene munaona. Zithunzi 365 za foni wamba sizifika ngakhale 2 GB, ndiye kamodzi pamwezi zikopereni pa flash kapena pa kompyuta ya munthu wodalirika, kapena zikwezeni pa intaneti bandulo ikalola. Musadalire zimene munatumiza pa WhatsApp, chifukwa amazifinya n'kuzichepetsa. Ngati mukutumiza kuti zikatsukidwe, tumizani ngati document.

Tsiku lina mudzadwala malungo, kapena batire idzatha magetsi atazima tsiku lonse, ndipo mudzadumphitsa. Musayambirenso pa 1, ndipo musabe chithunzi cha dzulo n'kuchitcha cha lero. Lembani m'kope kuti lero sindinajambule, chifukwa chake ndi ichi, mawa pitirizani. Zithunzi zofooka nazonso zisiyeni mu foda momwemo. Mu 2024 madzi a nyanja atakwera n'kumiza magombe ndi nyumba zina za m'mphepete, zithunzi zimene zinakhala zamtengo wapatali zinali zija za wamba zimene wina anajambula chaka chapitacho osaganizira kanthu, zoonetsa pamene panali mtengo, pamene panali mpanda, pamene ana ankasewera mpira.

Kamera mudzagula, ndipo ndidzakuthandizani kusankha, koma nthawi yake ndi pamene mudzathe kundiuza chithunzi chenicheni chimene foni yakukanizani katatu konse: mwina nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba, mwina ovina manganje usiku. Pamenepo tidzadziwa ngati mukufunika galasi lokokera kutali kapena kamera yoona bwino mumdima, ndipo yogwiritsidwapo kale ntchito idzakukwanirani. Pakadali pano, mawa ndi tsiku la 48. Fikani pa shopu mphindi 15 musanatsegule, pukutani galasi, ikani choko pansi. Munthu woyamba kubwera kudzatapa ndalama mumupatse moni, mumupemphe kuti mujambule manja ake ali pa kauntala, ndipo mulembe m'kope ola limene dzuwa linafika pa manjawo.